TAMBA HALI, MLONDA WA PA MPIRA WA KU AMERICA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mpira umene ambiri a ife sitiudziwa, ndiponso za mwana wa mu Africa amene anachuka nao. Ena a inu, makamaka anyamata a ku Nabvutika ndi ku Kapata, mwaona pa kanema anthu obvala zisoti zolimba ndi zocinjiriza mapewa ali kugundana ngati nkhunzi za ng'ombe, ndipo mwafunsa kuti, "Kodi amenewa ndi masewera kapena ndeu?" Ndi masewera ndithu, ndipo ali ndi malamulo ace. Tiyeni tiyambe tamva malamulowo, kuti nkhani ya munthu wathuyu imveke bwino.

Mpira umenewu usiyana ndi uja timaonera pa David Kaunda Stadium kuno ku Chipata. Mpira wace ndi wosongoka uku ndi uku ngati dzira, ndipo kawiri-kawiri amaunyamula m'manja kapena kuuponya. Mbali iri yonse iri ndi anthu 11. Bwalo ndi la mayadi 100 m'litali, ndipo ku mathero onse awiri kuli malo ena a mayadi 10. Munthu akafika nao mpira m'malo amenewo, mbali yace ipata mapointi 6. Mbali imene iri ndi mpira ipatsidwa mwai kanai kuti ipite patsogolo mayadi 10. Ikatha kutero, ipatsidwa mwai wina kanai. Ikalephera, mpira upita kwa anzao. Cifukwa cace tsono yadi liri lonse amalimbirana monga momwe anthu alimbirana malire a munda.

Mtsogoleri wa mbali imene iri ndi mpira amamucha quarterback. Iyeyu ndiye aponya mpira kwa anzace, kapena kuupereka m'manja mwa wothamanga. Mbali yoteteza iika amuna olemera patsogolo, amene tingawayerekeze ndi mpanda wa dimba. Kumbuyo kwa mpandawo kuima ena ochedwa linebacker. Mudziwa inu eni kuti ngakhale mpanda ukhale wolimba cotani, mbuzi ipeza poboola. Linebacker ndiye mlonda woima pafupi ndi mpanda kuti atseke pamene pabooka. Nchito zace ndi zitatu: kugwira wothamanga ndi mpira, kulondola munthu amene afuna kuwakha mpira, ndi kuthamangira quarterback kuti amgwetse asanaponye. Kugwetsa kotere amakucha sack, ndipo amakuwerenga monga ife tiwerenga zigoli. Anthu awiri akamgwetsa pamodzi, yense alembedwa theka.

Nchito imeneyi ifuna munthu wa mphamvu, wa liwiro, ndiponso wa maso akuthwa, pakuti ayenera kuzindikira m'kamphindi kumene mpira uti upite. Mmodzi wa akatswiri ace anali Tamba Hali.

Tamba anabadwa pa 3 November 1983 m'dziko la Liberia, ku madzulo kwa Africa, ndipo ubwana wace unali ku Gbarnga. Atate ace, amene anali mphunzitsi wa sayansi, anapita ku America iye akali wamng'ono. Mu December 1989 nkhondo ya paciweniweni inabuka m'dzikomo, pamene asilikari a Charles Taylor analowa kucokera ku Ivory Coast. Tsoka lace, Taylor anasandutsa Gbarnga kukhala likulu lace. Masukulu anatsekedwa, anthu anathawira m'thengo, ndipo ana ambiri a msinkhu wa Tamba anapatsidwa mfuti m'malo mwa mabuku. Potsiriza banja lao linaoloka malire kulowa mu Ivory Coast, ndipo m'caka ca 1994 Tamba, ali ndi zaka 10, anakwera ndege pamodzi ndi abale ace kunka kwa atate ao ku Teaneck, m'cigawo ca New Jersey.

Koma amai ace anatsala. Iwo sanali pa ukwati ndi atate a Tamba, cotero malamulo a America sanalole kuti bamboyo awaitane. Njira inali imodzi yokha: mwana wao akule, akhale mbadwa ya dzikolo mwa lamulo, ndipo awaitane iye mwini. Inu amai amene muli kumvera, taganizani kutsazika mwana wa zaka 10 osadziwa ngati mudzamuonanso. Ife kuno ku m'mawa sitiri alendo pa nkhani zotere, pakuti tinalandira anzathu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena anakhala ku Ukwimi. Tidziwa m'mene nkhondo imwazira mabanja.

Ku America mnyamatayu anafika ali m'mbuyo kwambiri pa maphunziro, cifukwa nkhondo inamlanda zaka za sukulu. Anayenera kuphunzira kuwerenga pamene anzace anali patali. Mpira uwu sanaudziwe konse. Anauyamba ali ku Teaneck High School. Kumeneko aphunzitsi anaona kuti ali ndi thupi lalikuru ndi mtima wosatopa. Tsono ku America masukulu akulu amalipirira maphunziro a mnyamata wodziwa mpira kuti aziwasewerera, ndipo Tamba anatengedwa ndi Penn State University, kumene mphunzitsi wa mpira anali mkulu wochuka, Joe Paterno. Mu October 2005, posewera ndi Ohio State, nthawi iri pafupi kutha, Tamba anagwetsa quarterback wao Troy Smith, mpira nupulumuka m'manja mwace, ndipo Penn State inapambana 17 kwa 10. Caka comweco anawerengedwa pakati pa osewera oposa onse a m'makoleji a dzikolo.

Bungwe lalikuru la mpira wolipidwa dzina lace ndi National Football League, ndipo liri ndi matimu 32. Caka ndi caka matimuwo amasankha anyamata ocokera m'makoleji mosinthana, ndipo timu imene inacita moipa ndiyo iyamba kusankha. Mu April 2006 timu ya Kansas City Chiefs inasankha Tamba, ndipo anali munthu wa 20 kuchulidwa m'dziko lonse. Ndalama zinabwera, koma mtima wace unali pa cinthu cina. Mu July caka comweco anacoka pa msasa wokonzekera masewera kukalumbira kukhala mbadwa ya America, ndipo caka cisanathe amai ace anafika. Panali patapita zaka 12 cisiyanirane. Akulu anati, mai ndi mai ngakhale acepe mwendo. Mnyamatayu anasonyeza kuti mwambiwu anaumva.

Zaka zitatu zoyamba Tamba anasewera pa mzere wa patsogolo, pa mpanda peni-peni, ndipo caka coyamba anagwetsa quarterback kasanu ndi katatu. Mu 2009 timu inalandira mphunzitsi watsopano, Todd Haley, amene anafuna amuna atatu patsogolo ndi alonda anai kumbuyo. Tamba anauzidwa kuti akhale linebacker. Ici sicinali capafupi. Munthu amene anazolowera kuyamba atawerama, dzanja liri pansi, tsopano anayenera kuyamba ciriri, ndipo nthawi zina kubwerera m'mbuyo kulondola anthu opepuka kuposa iye. Kulemera kwace kunali pafupi makilogramu 125, ndiko kuti matumba awiri ndi theka a cimanga. Sanadandaule, anaphunzira nchitoyo. Anaphunziranso masewera ogwetsana a jiu-jitsu kuti manja ace adziwe kucotsa manja a womtsekereza. Zipatso zinaoneka mu 2010, pamene analembedwa ma sack 14.5. Mu 2011 timu inampatsa pangano la zaka 5 la madola 60 miliyoni, ndipo caka ciri conse kucokera 2011 kufikira 2015 anasankhidwa kusewera mu Pro Bowl, masewera a akatswiri okha-okha.

Sanaiwale kwao. Pamene nthenda ya Ebola inasakaza Liberia mu 2014, anapereka ndalama zothandiza kumanga malo ociritsirako odwala.

Tsopano ndinene za mtengo wace wa nchito imeneyi, pakuti walira mvula walira matope. Maondo a Tamba anayamba kumbvuta, ndipo m'zaka zace zotsiriza sanathe kusewera monga kale. Mu March 2018 timu inammasula, atatumikira zaka 12 pa timu imodzi yomweyo. Anacoka ndi ma sack 89.5, ndipo pa nthawiyo amene anamposa pa timuyo anali Derrick Thomas yekha. Cikho cacikuru ca Super Bowl sanacigwire. Anzace anacitenga mu February 2020, iye atacoka kale.

Komabe iye ali pakati pa amwai. Ambiri olowa m'bungweli amasewera zaka zitatu kapena zinai basi, nacotsedwa. Coopsa coposa ndi kugundana mitu kosaleka. Junior Seau, linebacker wochuka kwambiri, anadzipha mu 2012, ndipo madokotala atapima ubongo wace anapeza nthenda yochedwa CTE, imene idza ndi kumenyeka mutu kawiri-kawiri. Mu 2017 ophunzira a ku Boston anapima maubongo 111 a anthu amene anasewera m'bungweli, amene abale ao anapereka cifukwa ca nkhawa, ndipo 110 anali ndi nthendayi. Cisoti citeteza cigaza, koma siciletsa ubongo kugwedezeka m'kati. Nkhani imeneyi itikhudza nafenso: mnyamata akagundidwa mutu pa bwalo, kaya ndi pa mpira wathu wa miyendo, nayamba cizwezwe kapena kusanza, musambwezere m'bwalo; mtengereni ku cipatala.

Tamba si yekha wa mu Africa pa mpira umenewu. Stansly Maponga, amene anasankhidwa ndi Atlanta Falcons mu 2013, anabadwira kwa anansi athu ku Zimbabwe. Koma anyamata inu, zindikirani cinthu cimodzi: khomo lace la onsewa linali sukulu. Tamba akadaleka kuphunzira kuwerenga cifukwa ca manyazi, sakadalowa ku Penn State, ngakhale akadakhala ndi mphamvu za njati, ndipo amai ace akadadikira nthawi yaitali kuposa apo. Sewerani mpira madzulo, koma m'mawa mabuku akhale m'manja.