Mawu a Lamulungu asamathere pakhomo pa tchalitchi

Kuno ku Mchinji, Akatolika ambiri a kumudzi sitiona wansembe Lamulungu lililonse. Parishi imodzi imakhala ndi nthambi zambirimbiri koma ansembe awiri kapena atatu, ndipo mvula ikalimba misewu ina ngakhale njinga yamoto imaikana. Kunthambi kwathu bambo amabwera kamodzi pamwezi. Masabata enawo timasonkhana tokhatokha, akatekisi ali kutsogolo, popanda nsembe ya Ukaristia. Chakudya chomwe chimakhalapo ndi Mawu a Mulungu basi. Ine ndakhala ndikuwerenga mawu m'tchalitchi kwa zaka zoposa 10, ndipo nkhawa yanga ndi yakuti chakudya chimenechi tayamba kuchiphika mothamanga, anthu n'kumabwerera kunyumba ndi njala.

Boma lathu lino si lachilendo pa nkhani ya Mawu. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, patangopita chaka chimodzi chikhazikitsireni ya Mua. Mu 1939 pa Kachebere pomwepo anatsegula seminale yaikulu, yomwe yasula ansembe ndi maepiskopi a kuno kwathu ndi a ku Zambia komwe. Panabweranso maparishi monga Guilleme, yomwe inatenga dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, komanso Ludzi ndi Kapiri. Agogo athu ankamvera Misa m'Chilatini, chilankhulo chomwe sankachimva, mpaka msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utalola zilankhulo za anthu eni ake. Mu 1966 linatuluka Baibulo la Malembo Oyera, ndipo mu 1998 la Buku Loyera, lomwe Akatolika anamasulira pamodzi ndi a mipingo ina. Zomwe makolo ankazilakalaka, ife tili nazo m'manja.

Ambiri sadziwa kuti mawu a Lamulungu sasankhidwa ndi akatekisi kapena bambo mfumu. Mpingo unawayala m'zaka zitatu. Chaka A timayenda ndi Mateyo, chaka B ndi Marko, chaka C ndi Luka, pomwe Yohane amamveka kwambiri m'nyengo za Lenti ndi Pasaka. Mawu oyamba amachokera m'Chipangano Chakale ndipo amawasankha kuti agwirizane ndi Mthenga Wabwino wa tsikulo, kupatula nyengo ya Pasaka pomwe timawerenga Ntchito za Atumwi. Kenaka pamabwera salimo, n'kutsatira mawu achiwiri omwe nthawi zambiri amachokera m'makalata a atumwi. Ndiye kuti zomwe ndikuwerenga ine kunthambi ndi zomwenso akuwerenga ku Maula, ku Roma, ngakhale kutsidya kwa Mwami mu dayosizi ya Chipata komwe achemwali anga anakwatiwa. Tikaimbirana foni madzulo a Lamulungu timafunsana kuti ulaliki unati chiyani kwanuko, popeza mutu wake umakhala umodzi.

Koma kumva kokha sikukwanira, ndipo izi anaziona kale ndi Ambuye Patrick Kalilombe, katswiri wa Baibulo yemwe anaphunzitsapo pa Kachebere asanakhale episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kudzera mu sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975, iwo analimbikitsa miphakati, kuti mabanja oyandikana azikumana pabwalo la mmodzi wa iwo, kuwerenga Mawu, kugawana, ndi kuona chochita. Maepiskopi a bungwe la AMECEA nawonso anaika miphakati patsogolo mu 1973 ndi 1976. Boma la nthawi imeneyo silinakondwere kuona anthu wamba akukumana m'timagulu n'kumakambirana za moyo wawo. Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko muno ndipo anatula pansi udindo mu 1979, koma mbewu yawo inali itamera kale.

Mphamvu ya mphakati ndinaiona mu Sepitembala 2023, chaka A, sabata yomwe tinawerenga fanizo la mwini munda wa mphesa yemwe analemba aganyu pa nthawi zosiyanasiyana n'kuwalipira mofanana. M'tchalitchi tonse tinangogwedeza mitu. Lachinayi kumphakati zinavuta. Bambo wina yemwe amalima fodya ndi soya pamunda waukulu anati mwini munda wotere sangachedwe kugwa, chifukwa mawa aganyu onse adzabwera dzuwa litapendeka. Tinaseka, ena n'kumuvomereza. Pamenepo mayi wina wamasiye, yemwe chaka chilichonse amapalira m'minda ya anthu kuti apeze ufa, anapempha kuti alankhulepo.

"Inu mukuti obwera madzulowo anali aulesi," iye anatero. "Ine ndaimapo pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda wondilemba. Kuima kumeneko kumapweteka kuposa khasu, chifukwa umadziwa kuti ana agona ndi njala."

Pabwalo panati zii. Tonse tinali titamva fanizolo kambirimbiri, koma nthawi zonse tinkadziika m'gulu la omwe anayamba m'mamawa. Mayiyo anatiimika pamzere wina.

Chaka chotsatira, kumapeto kwa Sepitembala womwewo, mawu achiwiri anachokera m'kalata ya Yakobe, pomwe amadzudzula olemera omana malipiro anthu owakololera. Kuno nyengo imeneyo misika ya fodya imakhala itatsekedwa kapena ili kumapeto, mtedza ndi soya zitagulitsidwa, koma antchito ena akadadikirabe ndalama zawo. Palibe anatchula dzina la munthu kumphakati. Tinangogwirizana kuti aliyense yemwe ali ndi ngongole kwa waganyu aibweze tisanakumanenso. Sabata yotsatira anthu atatu ananena okha kuti alipira. Kwa ine umenewo unali ulaliki woposa maulaliki ambiri omwe ndamvapo.

Tsono chikundidetsa nkhawa n'chiyani? Choyamba ndi kawerengedwe. Nthawi zambiri wowerenga amapatsidwa buku belu litalira kale. Amapunthwa pa mayina, amadumpha mzere, ndipo agogo omwe sadziwa kuwerenga, omwe Baibulo lawo lonse ndi pakamwa pa wowerengayo, amatuluka opanda kanthu. Kwaya imaphunzira nyimbo kawiri pasabata, koma owerenga sakumana n'kamodzi komwe.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka nthawi. Mawu onse ndi ulaliki zimatha m'mphindi zochepa, koma zolengeza, mtulo, chopereka chachiwiri ndi mpikisano wa miphakati pa ndalama za chitukuko zimadya ola lathunthu. Sindikunyoza chopereka. Tchalitchi chimafuna malata, akatekisi amafuna njinga, ndipo mpingo wodzidalira ndi womwe Ambuye Kalilombe ankaulalikira. Koma munthu akafika kunyumba akukumbukira kuti mphakati wake wakhala wachitatu pa ndalama, osakumbukira Mthenga Wabwino, ndiye kuti ngolo yatsogola ng'ombe zili m'mbuyo.

Chachitatu, miphakati yambiri yasanduka ya amayi ndi ana okhaokha. Abambo amatulukira pakakhala maliro kapena akafuna kalata ya ubatizo wa mwana. Achinyamata nawo amati kumphakati n'kokasonkhetsa ndalama. Ena amatsatira alaliki a pa wailesi ndi pa Facebook, chifukwa kumeneko amamva ngati Baibulo likulankhula za mavuto awo. Tisawadzudzule msanga. Ludzu ali nalo, kungoti chitsime chathu tachivundikira tokha.

Yemwe akukayika za mphamvu ya mawu owerengedwa bwino pa Lamulungu akumbuke pa 8 Malichi 1992. Tsiku limenelo, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino. M'nthambi zakumudzi anaiwerenga ndi akatekisi ndi akhristu wamba, mawu akunjenjemera. Patatha chaka chimodzi ndi miyezi itatu, Amalawi anaponya voti ya riferendamu yosankha matipate.

Zofunika kuchita si zodula. Owerenga alandire mawu awo Lachitatu, akumane Loweruka, awerenge mokweza wina ndi mnzake akukonzana. Zolengeza zifupikitsidwe, zina zipite kudzera mwa atsogoleri a miphakati. Kumphakati tiyambe ndi Mawu, tikhale chete pang'ono, aliyense anene chomwe chamukhudza, ndipo tisabalalike tisanagwirizane chinthu chimodzi chochita sabata imeneyo, kaya kukaona wodwala, kaya kufolera nyumba ya nkhalamba mvula isanagwe. Za ndalama zibwere kumapeto. Mphakati uliwonse ukhale ndi Baibulo lakelake, ndipo thumba limodzi la soya likhoza kuyambitsa ntchito imeneyi. Omwe ali ndi wailesi atsegule Radio Maria kapena Radio Alinafe, amve mawu a tsikulo asananyamuke. Papa Francis anakhazikitsa mu 2019 Lamulungu la Mawu a Mulungu, lomwe limakhala Lamulungu lachitatu la nyengo ya pachaka, chakumapeto kwa Januwale. Tsiku limeneli maparishi athu angathe kuligwiritsa ntchito pophunzitsa ndi kudalitsa owerenga.

Tipitirize kupempherera kuti ansembe achuluke, ndipo titumize ana athu kuseminale. Koma podikira tsiku lomwe nthambi iliyonse idzakhale ndi Misa sabata ndi sabata, buku lili m'manja mwathu, ndipo Lamulungu likubwerali wina mwa ife adzaimirira kuti aliwerenge. Ayambe lero kukonzekera.