Chotupa cha kuphewa: osachitema ndi lezala

Alimi anzanga, sabata ino ndasiya kaye za feteleza kuti tikambe za chotupa chimene ena amachipeza pamsana, pafupi ndi fupa la phewa. Poyenda m'midzi ndaona alimi akugulitsa mbuzi kuti akatemeredwe mphini pa chotupachi, mapeto ake bala n'kuchita mafinya nyengo yopalira ili pakati.

Zambiri mwa zotupazi si khansa. Chofala kwambiri madokotala amachitcha lipoma, ndipo ndi mafuta ounjikana pansi pa khungu. Chimakhala chofewa, chosapweteka, chimasuntha mukachikankha ndi chala, ndipo chimakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

China ndi elastofibroma, chimene madokotala a ku Finland anachifotokoza mu 1961. Ichi chimamera mkati, pakati pa nthiti ndi nsonga ya m'munsi ya fupa la phewa, makamaka kwa amayi opitirira zaka 50. Akatswiri amaganiza kuti chimabwera chifukwa cha kukhulana kwa fupalo ndi nthiti pa ntchito yamanja yobwerezabwereza. Kwathu kuno ntchito yotere ndi ya khasu, nkhwangwa ndi musi. Chimatumphuka mukatambasulira mkono kutsogolo, ndipo ena chimawamera mbali zonse ziwiri.

Zotupa ziwirizi sizifalikira m'thupi. Ngati dokotala waziona ndipo sizikusautsa, palibe vuto kuzisiya. Koma diso lokha silingasiyanitse chotupa chabwino ndi choipa. Pitani kuchipatala msanga ngati chafika masentimita 5, pafupifupi kukula kwa dzira la nkhuku. Ngati chikukula mofulumira, chikupweteka, chalimba osasuntha, kapena chameranso atachichotsa. Chikakhala chotentha ndi chowawa, mwina ndi chithupsa, chimene chimafunanso achipatala.

Ine ndimalangiza kuti wina wa m'banja aziyeza chotupacho ndi chingwe mwezi uliwonse, n'kumanga mfundo pomwe chalekezera. Mfundozo zidzauza dokotala mmene chikukulira. Iye akakayika amakutumizani kukaunikidwa, kapena amadula kachidutswa kuti kakayezedwe.

Lipoma yaing'ono amachotsa atangobaya jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma bala limafuna kupuma masabata angapo osagwira khasu. Choncho dokotala akati n'chosaopsa, pemphani kuti achichotse mutakolola, mizere isanayambe.