Woitanira malonda ndi bwenzi la wageni

Pa Kasinje, m'boma la Ntcheu, ntchito yoyendetsa miyambo kawirikawiri imayambira pamsika. Munthu amayamba n'kuitanira kaunjika wa eni ake ndi chimkuzamawu cham'manja. Liwu likadziwika, amaitanidwa kukayendetsa perekaniperekani pazinkhoswe ndi maukwati. Akasungira kangachepe amagula masipika ndi jenereta, kenaka mipando ndi matenti obwereketsa. Chimamukoka n'kukonda nyimbo, mpira ndi macheza.

Wageni apindulapo chiyani? Munthuyu amadziwiratu tsiku ndi malo amene khamu lidzasonkhane, makamaka kuyambira Meyi alimi akakolola. Wogulitsa mandasi, zakumwa kapena zitenje akamva msanga amapikuliratu katundu wokwanira. Koma pomulemba ganyu yoitanira, mtengo ndi maola zimveke ntchito isanayambe, kuopa mkangano madzulo.