Blockchain: kaundula wosafufutika, koma si mankhwala a zonse

Mawu oti blockchain akumveka kwambiri masiku ano, makamaka pakamwa pa anthu okopa amalonda pa WhatsApp kuti aikeko mpamba wawo. Kodi chinthuchi n'chiyani, nanga chakwanitsa zotani pa misika ikuluikulu ya ndalama?

Blockchain ndi kaundula wosungidwa pa makompyuta ambiri nthawi imodzi. Zili ngati gulu la banki mkhonde limene membala aliyense ali ndi buku lake la masheya ndi ngongole, ndipo mzere watsopano umalembedwa pokhapokha mabukuwo atagwirizana. Mlembi sangafufute ngongole ya mlamu wake usiku, chifukwa kukacha mabuku a anzake amutsutsa. Luso limeneli lidatchuka ndi Bitcoin, yomwe idayamba mu 2009.

Misika ya masheya idakopeka pa chifukwa chomveka. Munthu akagula sheya ya kampani, ndalama ndi sheyayo sizisinthana manja nthawi yomweyo. Pa misika yambiri pamadutsa masiku awiri. Pakatipo pali mabanki ndi makampani ogulira anthu masheya, aliyense ndi buku lake, ndipo kuyanjanitsa mabukuwo kumadya ndalama. Chiyembekezo chidali choti kaundula mmodzi wa onse achepetse nthawi ndi mtengo.

Msika wa masheya wa ku Australia, ASX, udayesa. Mu December 2017 udalengeza kuti uchotsa makina ake akale otchedwa CHESS n'kuika a blockchain. Tsiku loyamba ntchito lidasunthidwa kangapo, ndipo mu November 2022 ntchitoyo idaimitsidwa, msikawo utataya pafupifupi madola a ku Australia 250 miliyoni. Kafukufuku adapeza kuti pulogalamuyo idali yovuta kwambiri komanso isanathe kupangidwa. Pomwe ku America, mu May 2024, misika idachepetsa masiku awiri aja kufika tsiku limodzi popanda kudalira blockchain.

Malire ake alipo atatu. Choyamba, kugwirizanitsa makompyuta ambiri kumachedwetsa ntchito: Bitcoin imakwanitsa malipiro pafupifupi 7 okha pa sekondi. Chachiwiri, kaundulayu safufuza ngati zolembedwazo n'zoona. Wina akalembetsa matumba 100 a chimanga pomwe m'nkhokwe muli 60, blockchain idzasunga bodzalo mokhulupirika. Chachitatu, siiteteza mtengo. Bitcoin imodzi idafika pafupifupi madola a ku America 69,000 mu November 2021, koma patangotha chaka idagwa kufika cha m'ma 16,000. Komanso ndalama ikapita kwa munthu wolakwika, palibe ofesi yokadandaulako kuti ibwezedwe.

Izi sizikutanthauza kuti lusoli n'lachabe. Limathandiza pamene anthu ambiri osakhulupirirana akufuna buku limodzi, monga potumiza ndalama kunja kwa dziko. Koma kuno kwathu, Reserve Bank of Malawi idachenjeza kale kuti ndalama za pa intaneti ngati Bitcoin si ndalama zovomerezeka m'dziko muno.

Choncho wamalonda akalonjezedwa phindu la mlungu uliwonse "chifukwa ndi blockchain", afunse mafunso awiri: phindulo likuchokera pa malonda anji, ndipo zikavuta adzalipira ndani? Ngati palibe yankho lomveka, mpamba ukhale pa katundu wooneka ndi maso.