Matchalitchi adatsekedwa, koma pemphero silidathe ku Angónia

ULÓNGUÈ – Boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, limatchuka ndi chimanga, kachewere, nyemba ndi ng'ombe. Koma bomali lili ndi mbiri ina imene achinyamata ambiri sakuidziwa. Kawiri konse kuchokera m'chaka cha 1922, akhristu a kuno adatsala okha, opanda abusa, opanda ansembe, ndipo nthawi zina opanda ngakhale nyumba yopemphereramo. Kawiri konseko mpingo sudafe. Amene adausunga adali anthu wamba a m'midzi: alimi, amayi, akulu ampingo ndi akatekisiti.

Mbiri imeneyi ikufunika kuikumbukira masiku ano, pamene chilala, namondwe ndi kusamvana pa ndale zikuchititsa mabanja ambiri a m'malire kugona ndi nkhawa za mawa.

Zaka 50 popanda mbusa

M'chaka cha 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene adali kale ndi ntchito kutsidya kwa malire m'dziko la Nyasaland, adatsegula mishoni ya Mphatso kuno ku Angónia. Adayamba sukulu za m'midzi, adaphunzitsa anthu kuwerenga, ndipo ena adabatizidwa. Ntchitoyi sidakhalitse. M'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi lidalamula kuti mishoniyo itsekedwe, ndipo amishoni onse adachoka.

Akuluakulu a boma ankaganiza kuti nkhosa zikasowa mbusa zimabalalika zokha. Sizidatero. Akhristuwo adapitiriza kukumana m'nyumba ndi pansi pa mitengo, motsogozedwa ndi akulu ampingo a m'midzi mwawo momwemo. Wofuna ubatizo kapena mgonero ankayenda wapansi kudumpha malire kupita ku mipingo ya Sinodi ya Nkhoma ya m'mbali mwa malire. Pobwera ankabwera ndi mabuku a nyimbo ndi Baibulo. Chodabwitsa nchakuti chaka chimene Mphatso idatsekedwa, 1922, ndi chaka chomwecho chimene Baibulo lathunthu la m'Chinyanja, Buku Lopatulika, lidasindikizidwa. Amishoni adachotsedwa, koma buku lidalowa.

Zinthu zidakhala choncho kwa zaka pafupifupi 50. Ambiri mwa amene adaona mishoni ikutsekedwa adamwalira asadaone mbusa akubwereranso. Adafa akudikira. Koma ana ndi adzukulu awo ndiwo lero ali mu mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique, umene sinodi yake imodzi ikutchedwabe ndi dzina lakale lija la Mphatso, ndipo kuno ku Vila Ulónguè uli ndi sukulu yophunzitsa abusa ya Hefsiba.

Mpingo ubwerera m'manja mwa anthu

Mayeso achiwiri adafika dziko litalandira ufulu. Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano lidatenga sukulu ndi zipatala zonse za mishoni kuti zikhale m'manja mwa boma. Mamishoni akuluakulu a Katolika m'chigawo cha Tete, monga Lifidzi ndi Boroma, adakhudzidwa. Amishoni ambiri adabwerera kwawo. Ansembe otsala adali ochepa, ndipo kuyenda kwawo kudali kovuta. M'madera ena matchalitchi adatsekedwa kapena kusandutsidwa nyumba za ntchito zina.

M'chaka cha 1977 atsogoleri a mpingo wa Katolika, pamodzi ndi akhristu eni ake ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, adakumana pa msonkhano waukulu mu mzinda wa Beira. Adagwirizana kuti mpingo usadalirenso nyumba zazikulu za mishoni, koma ukhale m'timagulu ting'onoting'ono ta m'midzi, timene kuno timatchedwa miphakati. Mphakati uliwonse udayenera kusankha anthu ake: wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wophunzitsa katekisimu, woyendera odwala, woyendetsa mwambo wa maliro, wolangiza mabanja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene kale inkadikira wansembe mmodzi idagawidwa kwa anthu ambiri.

Amene adapanga chiganizo chimenechi sadadziwe kukula kwa nkhondo imene inkabwera. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itafalikira m'chigawo cha Tete m'zaka za m'ma 1980, miphakati yomweyi ndiyo idakhala mpingo wokhawo umene anthu ambiri adatsala nawo. Kudali midzi imene idatha zaka osaona wansembe. Komabe ana ankaphunzira mapemphero, odwala ankayenderedwa, ndipo akufa ankaikidwa mwachikhristu.

Usiku wa ku Chapotera

Si onse amene adapulumuka. Ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia wobadwa mu 1930, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, wochokera ku Portugal, ankakhala pamudzi wa Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Nkhondo itakula, iwo adasankha kukhalabe pakati pa anthu awo, kumayendera miphakati ya m'deralo. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti adawatulutsa m'nyumba ndi kuwapha. Mitembo yawo idapezeka patapita masiku angapo.

Imfa imeneyi idagwedeza anthu a zipembedzo zonse. Funso limene lidali m'mitima ya ambiri ndi lomwe limabwera pa maliro aliwonse owawa: ngati Mulungu ndi wokhulupirika, adali kuti usiku umenewo? Akhristu alibe yankho lachidule pa funso limeneli, ndipo Baibulo lomwe silibisa kuti Yobu, Davide ndi aneneri adafunsanso chimodzimodzi. Chimene chikhristu chimaphunzitsa nchakuti Mulungu sadalonjeze kuti anthu ake sadzaona mavuto. Adalonjeza kuti sadzawasiya okha m'mavutomo, ndi kuti imfa si mawu otsiriza, pakuti Yesu mwini adaphedwa ndipo adauka.

Chimene chikuoneka ndi maso nchakuti miphakati imene ansembe awiriwo ankayendera sidathe. Lero Chapotera ndi malo amene akhristu amapitako kukapemphera, ndipo Dayosizi ya Tete, motsogozedwa ndi Ambuye Diamantino Antunes amene adakhala episkopi mu 2019, idatsegula ntchito yofufuza za moyo ndi imfa ya ansembewa kuti mpingo udzawalemekeze ngati ofera chikhulupiriro.

Kutsidya kwa msewu

Kumapeto kwa chaka cha 1986 nkhondo idafika poipitsitsa m'zigawo za Tete ndi Zambézia. Anthu adathawa ndi ana kumbuyo ndi mitolo pamutu. Kwa anthu a ku Angónia ndi Tsangano kuthawa kudali kuwoloka msewu basi, chifukwa pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu ndiwo malire. Ambiri adakafikira kwa abale awo olankhula chinenero chimodzi, a mafuko amodzi. Anthu a ku Mutarara adathawira ku Nsanje, a ku Milange adapita ku Mulanje, ndipo a ku Zóbuè ndi Moatize adalowera ku Mwanza. Pofika mu 1992 dziko la Malawi lidali ndi anthu othawa nkhondo ochokera ku Moçambique pafupifupi 1 miliyoni. M'boma la Nsanje othawa nkhondo adachuluka kuposa eni dera.

Moyo wa kumeneko udali wa khadi la chakudya, mzere wa ufa ndi nyemba, ganyu m'minda ya eni, ndi kusaka nkhuni kutali. Munthu amene kwawo adali ndi nkhokwe ndi khola adasanduka wopempha. Ana adabadwa ndi kukula osadziwa mudzi wa makolo awo. Palibe ankadziwa kuti nkhondo idzatha liti.

Koma m'misasamo mudamangidwa matchalitchi a udzu ndi mitengo. Akatekisiti ndi akulu ampingo amene adathawa pamodzi ndi anthu awo adayambiranso ntchito. Makwaya adayamba kuimba. Mipingo ya ku Malawi, ya Katolika, CCAP, Anglican ndi ina, idalandira alendowo m'mapemphero awo. Mkhristu wothawa nkhondo sankafunika kumufotokozera zambiri za Yosefe ndi Mariya amene adathawira ku Ejipito ndi khanda usiku, poopa mfumu Herode. Nkhaniyo idali yake yomwe.

Mtendere udabwera mochedwa, koma udabwera

Pamene anthu wamba ankapemphera m'misasa, atsogoleri a mipingo ankagogoda pa zitseko za akuluakulu. Maepiskopi a Katolika adalemba makalata opempha kuti mbali ziwirizo zikambirane, pa nthawi imene kunena zimenezo kudali koopsa. Bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, m'mene mudali Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, lidachitanso chimodzimodzi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adayendera dziko lino mu Seputembala 1988 ndipo adalalikira za mtendere. Zokambirana zidayamba mu Julayi 1990 ku Roma, kunyumba ya gulu la akhristu la Sant'Egidio, ndipo mmodzi mwa amkhalapakati adali Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa Beira.

Zokambiranazo zidatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo anthu ankafabe. Pa 22 Malichi 1992 anthu opitirira 20, akatekisiti ndi abale awo, adaphedwa ku Guiúa m'chigawo cha Inhambane, kumene adapita kukaphunzira ntchito ya mpingo. Chaka chomwecho kudagwa chilala choopsa m'maiko onse a kum'mwera kwa Africa. Chaka cha 1992 chidaoneka ngati chaka chotaya mtima. Koma ndi chaka chomwecho, pa 4 Okutobala, pamene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Akuluakulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Anthu a ku Angónia adali m'gulu la oyamba kubwerera, ambiri mwa iwo wapansi, osadikira galimoto za mabungwe. Pofika mu 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerera ku Moçambique kuchokera m'maiko oyandikana nawo. Adapeza minda itasanduka tchire, nyumba zitapsa, ng'ombe zitatha, ndipo m'njira zina mudali mabomba okwirira. Chovuta china chidali kukhalanso mudzi umodzi ndi munthu amene dzulo adagwira mfuti. Apa mipingo idathandiza pophunzitsa za kukhululukirana ndi kulandiranso anyamata ochoka kunkhondo. Mu 1995 Conselho Cristão lidayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mu 2015 boma lidalengeza kuti madera onse odziwika kuti mudali mabomba okwirira adayeretsedwa.

Munda wa Yeremiya

M'buku la Yeremiya, mutu 32, muli nkhani imene alimi angaimvetse msanga. Asilikali a ku Babulo adali atazinga Yerusalemu, ndipo mneneri Yeremiya adali m'ndende. Pa nthawi yoipa chotero mbale wake Hanameli adabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Yeremiya adaugula ndi masekeli 17 a siliva, adasainitsa mboni, ndipo adalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mu mbiya kuti akhale nthawi yaitali. Mzindawo udagwadi, ndipo Yeremiya sadadyerere mundawo. Adaugula pofuna kuonetsa kuti Mulungu adzabweza anthu ake, ndipo minda idzalimidwanso.

Chiyembekezo cha akhristu a m'malire chidali cha mtundu umenewu. Mkulu wampingo amene ankaphunzitsa ana nyimbo mishoni ya Mphatso itatsekedwa, katekisiti amene ankalemba maina a obatizidwa m'kope ali pa msasa, mayi amene adasunga mbewu ya chimanga cha makolo kuti adzabzale kwawo, onsewa ankachita ngati Yeremiya. Ankagwira ntchito ya lero podalira kuti Mulungu ndiye wasunga mawa.

Mavuto sadathe

Mtendere wa 1992 sudatseke mlomo wa mavuto. M'zaka za 2015 ndi 2016 kuwomberana kudabukanso m'madera ena a boma la Moatize, ndipo anthu opitirira 10,000 adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Kuchokera mu 2017 zigawenga zavutitsa chigawo cha Cabo Delgado, ndipo mu Seputembala 2022 zidapha sisitere Maria De Coppi pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adaononga ku Zambézia ndi kum'mwera kwa Malawi, ndipo anthu mazanamazana adafa. Mu 2024 mvula idavuta, ndipo kumapeto kwa chakacho zipolowe za pambuyo pa chisankho zidathamangitsiranso mabanja ambiri ku Nsanje.

Pa nthawi ngati zimenezi kumabuka anthu olonjeza kuti wopereka ndalama zambiri kutchalitchi sadzaona vuto, ndi kuti wovutika ndiye kuti chikhulupiriro chake nchochepa. Mbiri ya Angónia ikutsutsa zimenezi. Ansembe a ku Chapotera sadaphedwe chifukwa chosowa chikhulupiriro, ndipo amayi amene adaika ana awo m'manda a kumisasa sadali ochimwa kuposa ena.

Ambiri mwa amene adasunga mapemphero m'zaka za nkhondo ndi okalamba tsopano, ndipo ena adatsogola kale. Amene atsala akupezeka m'midzi ya Domue, Lifidzi, Tsangano ndi Calómuè, atakhala pa mabenchi akutsogolo tsiku Lamulungu. Achinyamata amene akuda nkhawa ndi za mawa angachite bwino kuwayendera ndi kuwafunsa mmene adapiririra, nthawi idakalipo.