Mabuku a makompyuta ogwirira ntchito pamodzi: zomveka ku Ndata ndi zoona zake

Mlimi wa tiyi akamatapa ndalama kwa ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money pa Goliati, amangoona foni ziwiri, yake ndi ya ejentiyo. Komatu uthengawo umadutsa pa nsanja ya netiweki, n'kukafika pa maseva a kampani, ndipo ndalamazo zikakhala kuti zikuchokera kubanki, makompyuta a banki nawo amalowererapo. Makina onsewa ayenera kumvana pa mfundo imodzi: ndalama zachoka kapena sizinachoke. Phunziro la momwe makompyuta otalikirana amamvanirana chotere limatchedwa distributed systems, ndipo lili ndi mabuku ake.

Kuno kwa Mfumu Chimaliro nkhaniyi siyachilendo. Chiyambire 2014, pamene sukulu ya ukachenjede ya MUST idalandira ophunzira oyamba pa Ndata, achinyamata ophunzira za makompyuta ndi anansi athu, ndipo ana a m'midzi yozungulira esiteti za tiyi nawo akulakalaka ntchito imeneyi. Pakati pawo pamamveka zikhulupiriro zingapo zokhudza mabukuwa. Zina zimagwetsa ulesi, zina zimawonongetsa nthawi ndi ndalama.

Chikhulupiriro choyamba: "Zimenezi n'za Google ndi Facebook, kuno sitinafikepo."

Zoona zake: Tidafikapo kalekale. M'chaka cha 2017 bungwe la NRB lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika. Pulogalamu ya AIP itayamba mu 2020, wogulitsa feteleza ankajambula chiphasocho ndi foni, foniyo n'kufunsa seva yakutali ngati mlimiyo ali pamndandanda komanso ngati sanagule kale. Netiweki ikavuta, mzere unkaima, ndipo m'madera ambiri alimi ankatha masiku akudikira pamsika. Kuchipatala nako, kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health lidayamba kuika makompyuta osungira mbiri ya odwala, ndipo funso lidali lomweli: magetsi akathima kapena kulumikizana kukaduka, ntchito iziyenda bwanji?

Akatswiri a ku Sun Microsystems, makamaka Peter Deutsch, adasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1990 mndandanda wa maganizo olakwika amene olemba mapulogalamu amakhala nawo. Loyamba pamndandandawo ndi kuganiza kuti netiweki ndi yodalirika. Mnyamata wokulira ku California ayenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi. Wa ku Thyolo adazidziwira pokwera chulu kusaka netiweki. Mabukuwa akukamba za moyo wathu kuposa wa amene adawalemba.

Chikhulupiriro chachiwiri: "Buku la makompyuta likapitirira zaka zisanu, latha ntchito."

Zoona zake: Pali mitundu iwiri ya mabuku. Ena amaphunzitsa chida chimodzi: dinani apa, lembani lamulo ili. Amenewa amakalambadi msanga. Mabuku a chida cha CORBA amene ankagulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990 lero amangodya fumbi. Koma ena amaphunzitsa mfundo, ndipo mfundozo sizinasinthe.

Mu 1978 Leslie Lamport adalemba nkhani yofotokoza vuto la nthawi. Mawotchi a makompyuta awiri sagwirizana ndendende, choncho sungadalire ola lolembedwa kuti udziwe chimene chidayamba kuchitika. Njira yake idali yoti kompyuta iliyonse izisunga nambala yomakwera, n'kumaitumiza pamodzi ndi uthenga uliwonse, kuti wolandira azidziwa zimene zidatsogola. Ganizo limeneli likugwirabe ntchito m'makina a masiku ano, ndipo Lamport adalandira mphoto ya Turing ya 2013 chifukwa cha ntchito zake pa phunziroli. Buku la George Coulouris ndi Jean Dollimore lidatuluka koyamba mu 1988, ndipo mitu yake ya nthawi, mgwirizano ndi kukopera deta ikuphunzitsidwabe. Mawu a akulu akoma akagonera. Mukapeza buku lakale mulaibulale, dumphani mitu ya zida, koma werengani mitu ya mfundo mosathamanga.

Chikhulupiriro chachitatu: "Buku lalikulu, lodzaza masamu, ndilo lenileni."

Zoona zake: Buku limakoma malinga ndi amene adamulembera. Distributed Algorithms la Nancy Lynch, la mu 1996, ndi lozama kwambiri, koma ndi la munthu wofuna kutsimikizira mwa masamu kuti njira inayake singalephere. Wophunzira wa chaka chachiwiri akayambira pamenepo amangodzitaya mtima. Designing Data-Intensive Applications la Martin Kleppmann, lomwe lidatuluka mu 2017, lili ndi masamu ochepa, koma limafotokoza bwino chifukwa chimene deta imasowera kapena kulembedwa kawiri.

Kulemba momveka ndi luso limene akatswiri eniake amalilemekeza. Njira ya Paxos, yothandiza makompyuta kugwirizana chimodzi, idavuta anthu kumvetsa mpaka Lamport mwiniwake adailembanso mofewetsa mu 2001. Mu 2014 Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku Stanford adatulutsa njira ina, Raft, ndipo cholinga chawo chachikulu chidali chakuti ikhale yosavuta kuimva. Lero mapulogalamu ambiri otchuka amagwiritsa ntchito Raft. Choncho ngati mutu wina ukukuvutani, musafulumire kudziona ngati mbuli. Yesani wolemba wina.

Chikhulupiriro chachinayi: "Mabuku abwino amafuna madola, mwana wa wothyola tiyi sangawapeze."

Zoona zake: Buku lapepala lochokera kunja ndi lodula ndithu, makamaka pamene ndalama zakunja zikusowa. Koma ena mwa mabuku apamwamba amaperekedwa ulere ndi eni ake. Maarten van Steen ndi Andrew Tanenbaum amalola aliyense kutenga buku lawo la Distributed Systems pa intaneti osalipira, ndipo lidatuluka kachinayi mu 2023. Buku la Site Reliability Engineering, lolembedwa ndi antchito a Google mu 2016, limawerengedwa ulere. Zolemba za maphunziro a Kleppmann ku Cambridge ndi za kosi ya MIT pa phunziroli zili poyera.

Ndalama yeniyeni imapita ku bandulo ndi kotchajitsa. Pamenepanso buku limapambana: mukalitsitsa kamodzi limakhala mufoni, mumawerenga ngakhale netiweki kulibe, pomwe vidiyo ya ola limodzi imameza bandulo yochuluka. Chenjerani kokha ndi timabuku topanda dzina la wolemba toyenda m'magulu a WhatsApp. Buku lodalirika limatchula mwini wake, chaka chake, ndi kumene mfundo zake zachokera.

Chikhulupiriro chachisanu: "Masiku ano YouTube ndi AI zakwana, buku n'lachiyani?"

Zoona zake: Vidiyo imakuonetsa pulogalamu ikuyenda bwino. AI imayankha funso limene wafunsa. Vuto la phunziroli ndi lakuti mafunso ofunika kwambiri ndi amene munthu watsopano sawaganizira n'komwe, ndipo buku labwino limakufikitsa pa mafunsowo mwadongosolo.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu ya pasikelo, pamene alimi ang'onoang'ono amagulitsira masamba awo. Kalaliki wayeza makilogalamu 40, walemba mufoni, watumiza ku seva ya kufakitale. Yankho silikubwera. Kodi uthengawo udatayika panjira, kapena udafika koma yankho ndilo latayika? Foniyo ilibe njira yodziwira. Kalaliki akatumizanso, mwina mlimi alembedwa makilogalamu 80. Akasiya, mwina mlimi sadzalandira kalikonse pakutha pa mwezi. Mabuku amaphunzitsa mankhwala ake: kuyeza kulikonse kukhale ndi nambala yakeyake yopangidwira mufoni momwemo, kuti seva ikaiona kachiwiri izindikire kuti ndi yomwe ija, isawonkhetsenso.

Pali funso linanso lozama. Mu 2000 Eric Brewer adapereka ganizo limene Seth Gilbert ndi Nancy Lynch adalitsimikizira mu 2002, lodziwika kuti CAP. Limati netiweki ikaduka pakati pa makompyuta, uyenera kusankha: kupitiriza kutumikira anthu podziwa kuti zolembedwa zisiyana kwa kanthawi, kapena kuima mpaka kulumikizana kubwerere. Pasikelo, nzeru ndi kupitiriza. Masamba othyoledwa sadikira netiweki, amafunika kufika kufakitale tsiku lomwelo, ndiye foni isunge zolembazo n'kuzitumiza madzulo. Koma potapa ndalama ndi bwino kuima, kuopa kuti ndalama imodzi ingatapidwe kwa maejenti awiri. Palibe yankho limodzi la paliponse. Wolemba pulogalamu amene sanaphunzire kusankha kumeneku amasankhabe mosadziwa, ndipo wolipira mtengo wake ndi mayi amene waima pamzere.

Chikhulupiriro chachisanu ndi chimodzi: "Ukamaliza buku, wadziwa ntchito."

Zoona zake: Ngakhale zolembedwa ndi makampani opanga mapulogalamu zimafunika kuziyesa. Kuyambira 2013 Kyle Kingsbury, kudzera m'ntchito yake ya Jepsen, wakhala akudula dala netiweki pakati pa maseva, ndipo wapeza kuti mapulogalamu ambiri otchuka osungira deta ankataya zinthu zimene ankalonjeza kuti sangataye. Komanso mabuku ambiri amaganizira nyumba za maseva zokhala ndi magetsi osathima. Ife tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndi Malichi 2023 pamene Freddy adagwetsa mapolo ndi kudula misewu m'maboma a kum'mwera, Thyolo ali momwemo. Kuduka kwa masekondi kumene buku limafotokoza, kwathu kuno kumatha masiku.

Kuyesa sikufuna ndalama zambiri. Anzanu atatu, malaputopu atatu ndi rauta imodzi zakwana. Lembani pulogalamu yaing'ono yosunga makilogalamu a alimi pa makompyuta onse atatu, kenako zulani waya ili mkati mogwira ntchito, zimitsani imodzi, sinthani wotchi ya ina. Mukatero bwererani ku mutu umene mudawerenga uja, mudzaumva mwatsopano.

Tsono posankha buku, musayambe ndi chikuto, kukula kwake kapena chaka chake. Tsegulani pamndandanda wa mitu, muone ngati wolembayo wapereka malo okwanira ku zimene zimachitika zinthu zikalakwika: uthenga kutayika, seva kufa, mawotchi kusiyana, deta kulembedwa kawiri. Ngati nkhanizi zili m'masamba awiri akumapeto, lisiyeni. Ngati ndizo msana wa bukulo, liwerengeni ndi kope pambali. Ndipo aphunzitsi ndi akatswiri athu amene agwirapo ntchito pa makina a zipatala, a mabanki ndi a ulimi alembe zimene adakumana nazo, chifukwa wophunzira wa pa Ndata akufunika buku lofotokoza pulogalamu yopirira sabata yathunthu yopanda magetsi, ndipo odziwa kulilemba ali konkuno.