Mtedza wa makadamia ndi chiphe kwa galu wanu

Mwana akamadya mango pakhonde, galu amakhala pambali akugwedeza mchira. Ambiri timamuponyera chotsala poganiza kuti chilichonse chomwe munthu wadya, naye galu angadye. Koma si choncho.

M'mapiri a Ntchisi ndi Dowa alimi ambiri adabzala mitengo ya makadamia kudzera m'makopaletivi a mgwirizano wa HIMACUL. Mtedzawu ndi ndalama kwa mlimi, koma kwa galu ndi chiphe. Akaudya, pasanathe maola 12 miyendo yakumbuyo imafooka, amasanza, amanjenjemera ndipo thupi limatentha.

Agalu ambiri amachira pakatha masiku awiri. Vuto n'lakuti mwini galu akaona zizindikirozi, n'kosavuta kuganiza kuti oyandikana nawo amuthirira tameki, mkangano n'kubuka pamudzi pomwe wolakwa ndi mtedza womwe udagwa pansi pa mtengo kapena woyanikidwa pabwalo.

Nanga zipatso zina? Tizipatso ta blueberry, tomwe timapezeka m'masitolo akuluakulu mumzinda wa Lilongwe, tilibe vuto kwa galu bola tikhale tochepa. N'chimodzimodzi nthochi, papaya wochotsa njere ndi mnofu wa mango. Madotolo a ziweto amalangiza kuti zakudya zongosangalatsira galu zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsiku. Zikachuluka amatsegula m'mimba.

Koma njere ya mango musamupatse chifukwa ikhoza kumutsamwa kapena kutseka matumbo, monga momwe chimachitira chitsononkho cha chimanga chootcha.

Mphesa, zaziwisi kapena zouma zoika m'makeke, zimatha kuononga impso za galu. Chokoleti nacho n'choopsa. Anyezi ndi adyo amaononga magazi, ngakhale ataphikidwa, choncho amayi asamale pothira ndiwo zotsala pa mkute wa galu.

Galu ndi mlonda wa pakhomo. Ndiye amauwa akuba akayandikira khola la mbuzi, ndiponso amathamangitsa anyani m'munda. Kumutaya chifukwa cha mtedza wongotola n'kuluza kwakukulu.

Tsono mukaona galu akudzandira, kumbukirani zomwe wadya, mumupatse madzi ndipo thamangirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kaya ku Mponela, Madisi kapena Malomo. Musaiwale kumufotokozera ngati galuyo adabayitsa katemera wa chiwewe, pakuti nachonso chimafooketsa miyendo.